Lendi yobisika m'tambula: momwe makampani ofulula mowa a m'zigawo za ku Britain amaikira mitengo

Mlendo amene wakhala ku England kwa miyezi yochepa chabe sachedwa kuona chinthu china chodabwitsa pa nkhani ya mowa. Mowa wa mtundu umodzi, wofululidwa m'fakitale imodzi, umatha kugulitsidwa pa mitengo iwiri yotalikirana kwambiri m'mabala awiri a mumsewu umodzi, ndipo kawirikawiri bala yodulitsa imakhala ya kampani yomwe yafulula mowawo. Abbot Ale, mwachitsanzo, imafululidwa ndi Greene King ku Bury St Edmunds, koma si zachilendo kuipeza yotchipa m'mabala a Wetherspoon, kampani yomwe sifulula mowa, kusiyana ndi m'bala yomwe pakhomo pake palembedwa dzina la Greene King. Tonse tinazolowera kuti nsomba imatchipa kunyanja ndipo imadula ikafika kumtunda. Kuti timvetse chifukwa chimene zinthu zilili mozondoka ku Britain, tiyenera kuvomereza kaye kuti ndalama imene womwa amasiya pa kauntala si ya mowa wokha. Mkati mwake muli msonkho, muli malipiro a antchito, ndipo m'mabala ambiri mulinso lendi ya nyumba yomwe inalowetsedwa mu mtengo wa mgolo.

Makampani amene tikunena pano ndi a pakatikati. Si zimphona za dziko lonse lapansi monga Heineken kapena AB InBev, komanso si timafakitale ta anthu atatu kapena anayi timene tachuluka m'zaka makumi awiri zapitazi. Ambiri ndi a mabanja, akale kwambiri, ndipo aliyense ali ndi dera lake limene anthu amamudziwa: Shepherd Neame ku Faversham m'chigawo cha Kent, yomwe imawerengera zaka zake kuchokera mu 1698, Samuel Smith ku Tadcaster m'chigawo cha Yorkshire, pa fakitale ya mu 1758, Robinsons ku Stockport, Joseph Holt ndi JW Lees m'dera la Manchester, St Austell ku Cornwall, Adnams ku Southwold, Harvey's ku Lewes. Chimene chimawasiyanitsa ndi ena n'chakuti, kuwonjezera pa fakitale, ali ndi mabala awoawo, ena makumi angapo, ena mazana awiri kapena atatu.

Mabalawo amayendetsedwa m'njira ziwiri. Ena kampani imaika manejala wolipidwa pa mwezi, ndipo mtengo wa painti, yomwe ndi mamililita 568, umachokera ku likulu mwachindunji. Ena ambiri imawabwereketsa kwa munthu wodziimira payekha, yemwe nthawi zambiri amagona ndi banja lake m'zipinda za pamwamba pa balayo. Mgwirizano wa wobwereka bala wotereyu, yemwe pano tizimutcha mlendi, ndi umene Angerezi amautcha tie, kutanthauza chingwe chomangira. Mlendi amapatsidwa nyumba pa lendi yotsikirapo, koma amasainira kuti mowa wake wonse, ndipo nthawi zina ngakhale vinyo ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi, azioda kwa mwini nyumbayo basi, pa mtengo umene mwini nyumbayo waika. Mtengowo umakhala wokwera kuposa umene kampani yomweyo imapereka kwa bala yopanda chingwe, chifukwa pa msika womasuka kampani iyenera kupikisana ndi anzake ndipo imachotserako mtengo kwa ooda zambiri, pamene kwa mlendi wake palibe wopikisana naye. Anthu a mu bizinesiyi sabisa mawu pa zimenezi. Ndalama ya nyumba yolembedwa pa pepala amaitcha lendi youma, ndipo ndalama yapamwamba imene mlendi amalipira pa mgolo uliwonse amaitcha lendi yonyowa.

Poyambirira dongosololi silinali la nkhanza, ndipo ngakhale lero lili ndi mbali yake yabwino imene odzudzula ena amaidumpha dala. Munthu wopanda mpamba waukulu amatha kuyamba bizinesi m'nyumba imene sakanakwanitsa kugula, denga likadontha amakonza ndi eni fakitale, ndipo malonda akalowa pansi lendi yonyowa imatsika yokha popeza mlendi akuoda migolo yochepa. Pamene mabala anatsekedwa chifukwa cha Covid-19 mu March 2020, makampani angapo a mabanja, monga Adnams ndi Shepherd Neame, anakhululukira alendi awo lendi ya nyumba. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: kampani yomwe ili ndi fakitale imafuna kuti bala ikhalebe ndi moyo kuti mowa wake upeze kolowera. Vuto limayamba pamene mwini chingwe sasamalanso za kuchuluka kwa mowa wogulitsidwa, koma za ndalama imene angafinye pa mgolo uliwonse.

Izi n'zimene zinachitika boma litalowererapo mu 1989. Bungwe loona za mpikisano pa malonda, Monopolies and Mergers Commission, linapeza kuti makampani asanu ndi imodzi, omwe ndi Allied, Bass, Courage, Grand Metropolitan, Scottish & Newcastle ndi Whitbread, ankafulula pafupifupi magawo atatu mwa anayi a mowa wonse wa m'dzikomo ndipo anali ndi mabala ochuluka zedi. Boma la Margaret Thatcher linakhazikitsa malamulo otchedwa Beer Orders, olamula kuti kampani yofulula mowa yokhala ndi mabala oposa 2,000 imasule theka la mabala opitirira chiwerengerocho, komanso kuti alendi ake aziloledwa kugulitsa mtundu umodzi wochokera kwina wa mowa wa mumgolo, womwe ndi mowa wa chikhalidwe cha Angerezi womalizira kupsa mumgolo momwemo. Mabala pafupifupi 11,000 anayenera kuchoka m'manja mwa zimphonazi. Koma lamulolo linangonena za ofulula mowa, silinanene kanthu za kampani yokhala ndi mabala koma yopanda fakitale. Pa mpata umenewu ndi pamene panamera Enterprise Inns mu 1991 ndi Punch Taverns mu 1997, makampani amene anagula mabala ndi ndalama za ngongole mpaka iliyonse inafika pokhala ndi oposa 8,000. Chingwe chija anachisunga, koma tsopano chinali chobwezera ngongole, osati chogulitsira mowa wa fakitale. Kafukufuku amene bungwe la okonda mowa wa mumgolo la CAMRA linachititsa mu 2013 anapeza kuti oposa theka la alendi omangidwa kwa makampani akuluakuluwa ankapeza ndalama zosafika £10,000 pa chaka.

Madandaulo atachuluka, aphungu anagonjetsa boma pa voti mu November 2014, ndipo mu July 2016 munayamba kugwira ntchito malamulo otchedwa Pubs Code ku England ndi Wales. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti mlendi womangidwa asakhale wosauka kuposa mmene akanakhalira popanda chingwe, ndipo pa nthawi zina zoikika, monga pokambirananso za lendi, angathe kupempha kuti azilipira lendi ya pa msika yokha n'kumaoda mowa kulikonse. Pali mkulu woweruza mikangano yotere, ndipo mu 2020 ofesi yake inalipiritsa chindapusa Star Pubs & Bars, nthambi ya Heineken. Komabe malamulowa amakhudza makampani okhala ndi mabala omangidwa 500 kapena kuposa apo. Greene King ndi Marston's, omwe anayamba ngati makampani a m'zigawo n'kukula pomeza anzawo, anagwidwa nawo. Makampani a mabanja onse aja anatsala kunja, monga momwe anatsalira kunja mu 1989. Mlendi wa Robinsons kapena wa Shepherd Neame, choncho, amadalira chikumbumtima cha kampani ndi malamulo odzipangira okha a m'bizinesiyi, osati lamulo la boma. Scotland inasankha njira ina ndi lamulo lake la 2021, lomwe silisiyanitsa kampani yaikulu ndi yaing'ono.

Wina angaganize kuti makampani a m'zigawowa ali pabwino, popeza lamulo lawadumpha kawiri. Mabuku awo a ndalama akunena zina, ndipo gwero la vuto ndi msonkho. Mu 2002 nduna ya zachuma, Gordon Brown, inalengeza kuti fakitale yofulula mahekitolita osapitirira 5,000 pa chaka, omwe ndi malita 500,000, izilipira theka lokha la msonkho wa mowa. Kuchotserako kunkachepa fakitale ikamakula, ndipo kuyambira mu 2004 kunkatheratu pa mahekitolita 60,000. Zotsatira zake zinali zoti timafakitale ting'onoting'ono tinaphuka ngati bowa mpaka kupitirira 1,500, ndipo tinkatha kupereka mgolo kwa mabala omasuka pa mtengo umene kampani yolipira msonkho wonse sikanaufika. Kumwamba nako kunali zimphona zogula balere, mabotolo ndi magetsi pa mitengo ya ooda zambiri, komanso zokhala ndi ndalama zotsatsira malonda pa wailesi yakanema. Kampani ya pakatikati inapezeka kuti ndi yaikulu moti singachotseredwe msonkho, komanso ndi yaing'ono moti singapikisane pa mtengo. Kuyambira mu 2008 mpaka pamene nduna ya zachuma George Osborne inathetsa kukweza kwa chaka ndi chaka mu 2013, msonkho wa mowa unkakwera chaka ndi chaka ndi 2 peresenti pamwamba pa kukwera mitengo kwa zinthu, ndipo wonse pamodzi unakwera ndi pafupifupi 42 peresenti. Kampani yomwe ikuluza pa msika womasuka ili ndi malo amodzi okha kumene ingakweze mtengo popanda kuthawidwa, ndiwo mabala ake omangidwa aja.

Apa m'pofunika kuona momwe kukwera pang'ono kwa ku fakitale kumakulira kukafika pa kauntala. Mgolo wofala kwambiri wa mowa wa chikhalidwe cha Angerezi umalowa magaloni 9, omwe ndi mapainti 72, ngakhale kuti si onse amene amagulitsidwa chifukwa pansi pamatsala nsenga za yisiti ndipo wina umatayika potsuka mapaipi. Tiyerekeze kuti kalata yochokera ku fakitale yanena kuti mgolo wakwera ndi £7, zomwe ndi pafupifupi mapeni 10 pa painti. Mwini bala sawerengera phindu lake m'mapeni, amawerengera m'maperesenti, chifukwa lendi, magetsi ndi malipiro zonse zimayenera kutuluka mu gawo limenelo. Ngati akufuna kuti theka la mtengo wogulitsira likhalebe lake, mapeni 10 aja ayenera kukhala 20, ndipo pamwamba pake boma limaikapo VAT ya 20 peresenti, n'kukhala mapeni 24. Womwa amaona kuti painti yakwera ndi mapeni oposa 20 n'kumaloza chala mwini bala, pamene mwini balayo akuloza chala fakitale, fakitale nayo ikuloza chala boma ndi ogulitsa magetsi. Aliyense mwa atatuwa akunena zoona, koma akunena theka lake lokha.

Kusintha kwa msonkho kwa pa 1 August 2023 kunaonetsa poyera mmene makampani amaganizira. Kuyambira tsikulo msonkho wa zakumwa zonse zoledzeretsa unayamba kutsata mphamvu ya chakumwa, mowa wa pa mpopi wa m'bala unachotseredwa 9.2 peresenti poyerekeza ndi wa m'mabotolo ndi m'zitini, ndipo mowa wa mphamvu yosafika 3.5 peresenti unaikidwa pa mlingo wotsika kwambiri. Pa mowa wa pa mpopi, lita imodzi ya mphamvu yeniyeni ya mowa inkalipira £19.08 ngati mowawo wafika 3.5 peresenti, koma £8.42 yokha ngati sunafike. Tikawerengera, painti ya 3.6 peresenti inkalipira pafupifupi mapeni 39, pamene ya 3.4 peresenti inkalipira pafupifupi mapeni 16. Posakhalitsa Greene King IPA ndi John Smith's Extra Smooth zinatsika kuchoka pa 3.6 kufika pa 3.4, ndipo Carlsberg ya ku Britain inatsika kuchoka pa 3.8 kufika pa 3.4 yomweyo. Omwa sanaone painti ikutsika mtengo ndi mapeni 20. Makampani anafotokoza kuti ndalamayo yapita ku magetsi, gasi ndi chimera zomwe zinakwera kwambiri nkhondo ya ku Ukraine itayamba mu 2022, ndipo mwina n'zoona, koma kwa munthu wokhala pa mpando wa m'bala tanthauzo lake linali limodzi, mowa wosukuluka pa mtengo wakale. Chimodzimodzinso pamene nduna ya zachuma Rachel Reeves inalengeza mu October 2024 kuti msonkho wa mowa wa pa mpopi utsika ndi peni imodzi pa painti. Bajeti yomweyo inakweza ndalama imene olemba ntchito amapereka ku National Insurance, thumba la boma la penshoni ndi zithandizo zina, kuchoka pa 13.8 kufika pa 15 peresenti kuyambira mu April 2025, inakweza malipiro otsikitsitsa kufika pa £12.21 pa ola, ndipo inachepetsa kuchotsera kwa msonkho wa malo a bizinesi ku England kuchoka pa 75 kufika pa 40 peresenti. Peni ija inamira isanafike pa kauntala.

Si makampani onse a m'zigawo amene anasankha kudulitsa. Samuel Smith inatchuka kwa zaka zambiri, ngakhale pakati pa London penipeni, chifukwa cha mowa wotchipa modabwitsa, ndipo njira yake inali yosavuta kuifotokoza ngakhale ndi yovuta kuitsanzira. M'mabala ake mumagulitsidwa zakumwa za kampaniyo zokha, mulibe wailesi yakanema kapena nyimbo zofuna chiphaso cholipira, ndipo phindu la fakitale ndi la bala zimagwera m'thumba limodzi. Joseph Holt ku Manchester inadziwikanso ndi painti ya anthu ogwira ntchito zamanja. Zitsanzo ziwirizi zikuonetsa kuti kukhala ndi fakitale ndi mabala pamodzi kungathe kutsitsa mtengo, malinga ngati palibe mlendi pakati amene ayenera kupezanso chakudya cha banja lake pa mgolo womwewo. Koma ngakhale Samuel Smith inakweza mitengo yake kwambiri cha m'ma 2020, ndipo mbiri ya kutchipa ija inayamba kuzilala. Amene watsala ndi mbendera ya mtengo wotsika ndi Wetherspoon, yomwe Tim Martin anaiyambitsa mu 1979 ndipo ili ndi mabala pafupifupi 800. Mphamvu yake ndi yakuti ilibe chingwe, imaoda mowa wochuluka zedi, ndipo fakitale ya m'chigawo yofuna kuti matanki ake asakhale opanda kanthu imavomera mtengo umene mlendi wake sangaulote n'komwe. Mlendiyo amaona kasitomala wake akuwoloka msewu kukamwa mowa wa kampani yake yomwe pa mtengo wotsika.

Pali chinthu china chimene ngakhale okonda mowa wa mumgolo safuna kuchimva. Mowa umenewu, womwe ndi msana wa makampani a m'zigawo, ndi wovuta kusamala kuposa wina uliwonse, chifukwa umafika ku bala usanamalize kupsa, uyenera kukhazikika m'chipinda chozizira cha pansi, ndipo mgolo ukatsegulidwa uyenera kutha m'masiku atatu kapena anayi usanasase. Komabe mwa mwambo ndiwo umagulitsidwa motchipa kuposa lager ya pa mpopi, yomwe ndi yosefedwa ndipo imakhala nthawi yaitali. Omwa ake ambiri ndi achikulire amene amakumbukira mitengo yakale ndipo amadandaula msanga. Makampani ochepa, monga Timothy Taylor ya ku Keighley, anakana kutchipitsa ndipo mowa wawo wa Landlord umagulidwabe pa mtengo wokwera, koma ambiri alibe dzina lolimba chotero.

Kwa womwa, zotsatira zake zimaoneka pa kalendala yake ya pa sabata. Painti yafika pafupifupi £5 m'madera ambiri, ndipo ku London imapitirira apo kwambiri, pamene m'masitolo akuluakulu muyezo womwewo wa lager ya m'chitini umapezeka pa ndalama yosafika theka lake. Kuyambira mu 2015 mowa wogulidwa m'masitolo unaposa wogulidwa m'mabala ndi m'malesitilanti. Munthu wolandira penshoni amene ankabwera madzulo anayi pa sabata amayamba kubwera kawiri, ndipo amene ankamwa mapainti atatu amamwa awiri. Mwini bala poona zimenezi amatembenukira ku chakudya, amachotsa mipando ya pa kauntala n'kuika matebulo, ndipo bala ija imasanduka malo odyera a mabanja opezako bwino. Amene ankabwera kudzangocheza ndi painti imodzi kwa ola lathunthu sathamangitsidwa ndi munthu aliyense, koma amazindikira yekha kuti malo ake atha. Mabala ku United Kingdom anali oposa 60,000 mu 2000, ndipo tsopano atsala pafupifupi 45,000. Kungakhale kunama kunena kuti mtengo ndiwo wapha onsewa, popeza kuletsa kusuta fodya m'mabala mu 2006 ndi 2007, kutha kwa mafakitale ndi migodi, komanso kuchepa kwa achinyamata omwa mowa zathandizira. Koma mtengo ndiwo umasankha kuti ndi ndani ayambe kusiya kubwera.

Omwa akachepa, mgolo sutha m'masiku atatu aja, mowa umasasa, womwa amene wapatsidwa painti yosasa sabwereranso ku mpopi umenewo, ndipo pamapeto pake mwini bala amauchotsa. Fakitale imene inamangidwa kuti izifulula migolo yambiri imayamba kugwira ntchito mwa theka, ndipo mtengo wofululira painti iliyonse umakwera. Akuluakulu a kampani akayang'ana mabuku amaona kuti ndalama yeniyeni ikuchokera ku nyumba, chakudya ndi zipinda zogona alendo, osati ku matanki. Young's inatseka fakitale yake ya Ram ku Wandsworth mu 2006 n'kukhala kampani ya mabala. Fuller's inagulitsa fakitale yake ya ku Chiswick pamodzi ndi mowa wake wa London Pride kwa Asahi ya ku Japan mu 2019 pa £250 miliyoni, ndipo chaka chomwecho Greene King inagulidwa ndi CK Asset Holdings ya ku Hong Kong. Marston's inaphatikiza mafakitale ake ndi Carlsberg mu 2020. Dzina limeneli si lachilendo kwa Amalawi, chifukwa fakitale ya Carlsberg ya ku Blantyre, yomwe inatsegulidwa mu 1968, inali yoyamba kunja kwa Denmark, ngakhale kuti kampaniyo inagulitsa gawo lake kwa Castel mu 2016. Ku England kampani yophatikizanayo inatseka Jennings ku Cockermouth mu 2022, kenako Wychwood ndi Ringwood, ndipo mu 2024 Marston's inagulitsa gawo lake lotsala la 40 peresenti pa £206 miliyoni n'kusiyiratu kufulula mowa. Miyezi ingapo pambuyo pake Carlsberg inalengeza kuti itseka fakitale ya Banks's ku Wolverhampton, yomwe inayamba kufulula mu 1875, ndipo kuti mowa wa mumgolo wa dzinalo uzifululidwa ku Burton upon Trent. Mabala a Marston's a m'dera la Wolverhampton anatsala akuoda Banks's, koma tsopano kuchokera kwa kampani ina, pa mtengo wokambirana pakati pa malikulu awiri.